Mtengo Wopanda Masamba

Mwana aliyense wokulira kumudzi m'boma la Neno amaidziwa mitengo asanayambe n'komwe sukulu. Mlombwa amauzindikira ndi zipatso zake zathyathyathya, zokhala ndi minga pakati, ndiponso ndi utomoni wofiira ngati magazi umene umatuluka munthu akatema khungwa lake. Mtengo wa tsanya amaudziwa ndi masamba ake awiriawiri onga mapiko a gulugufe. Msambamfumu amauonera makoko ake olimba, osunga njere zakuda zovala kachipewa kofiira. Koma mtengo umene udagwetsedwa zaka 50 kapena 80 zapitazo, nuchekedwa, nusanduka chitseko, benchi kapena mtanda wa denga, ulibenso tsamba, khungwa kapena chipatso choti n'kuuchitira umboni. Dzuwa lauwaula, utsi waudetsa, penti waukuta. Mlombwa, m'bawa ndi bulugama zonse zangoti mbuu, kufanana ngati ana a bere limodzi. Kutchula dzina la mtengo wotere ndi luso lapadera, ndipo masiku ano mmisiri wosema zoimbira amene alibe lusoli, ntchito yake yatsala pang'ono kumuthera.

Boma la Neno, limene lidapatuka ku boma la Mwanza m'chaka cha 2003, lili ndi zigawo ziwiri zosiyana kwambiri. Kumtunda, m'mapiri a Kirk Range, kumene kuli madera a mafumu Dambe ndi Chekucheku, n'kozizira, ndipo anthu amalima tirigu ndi mbatata ya kachewere. Kumeneko nkhalango yachilengedwe ndi ya mombo, msuku, muwanga ndi mlombwa. Kumunsi, cha ku Lisungwi, Zalewa ndi Matope, kufupi ndi mtsinje wa Shire, n'kotentha, ndipo kumamera milambe, tsanya ndi phingo. M'mphepete mwa mitsinje monga Lisungwi ndi Wamkulumadzi mudali mibawa italiitali. Kale munthu wofuna kusema ng'oma, ulimba kapena bangwe ankangonola nkhwangwa yake, nalowa m'thengo, nasankha mtengo wa kumtima kwake.

Lero zinthu zidatembenuka. Woyenda pa msewu wochokera ku Blantyre, akangooloka mlatho wa Shire pa Zalewa, amaona matumba a makala ali ndandanda kudikira ogula. Kwa zaka zambiri nkhalango za Neno ndi Mwanza zakhala zikusonkhera moto mbaula za mumzinda wa Blantyre, ndipo wootcha makala amafuna mitengo yolimba yomweyo imene wosema amaifuna, makamaka ya tsanya, chifukwa makala ake sachedwa kugulidwa. Milombwa ndi mibawa ikuluikulu idapita ndi ocheka matabwa. Boma lidakhazikitsa lamulo la nkhalango m'chaka cha 1997, ndipo m'chaka cha 2020 lidalikonzanso pokhwimitsa zilango kwa odula mitengo yachilengedwe ndi ootcha makala popanda chilolezo. Tsono mmisiri wolemekeza lamulo, amenenso ali ndi chisoni ndi mitengo yochepa yotsalayo, nkhalango yake tsopano ili m'mabwinja, m'makhitchini akale ndi kuseri kwa nyumba za anthu, kumene kumatayidwa zipangizo zotha ntchito.

Matabwa akale alipo ndithu m'bomali. Mishoni ya Katolika ya Neno idatsegulidwa m'chaka cha 1906, ndipo ya Matandani, ya mpingo wa Seventh-day Adventist, m'chaka cha 1908. Kuyambira nthawi imeneyo ntchito yocheka matabwa ndi ya ukalipentala idafala pang'onopang'ono m'midzi, kotero kuti mabanja ambiri adayamba kukhala ndi zitseko, mipando, makama ndi mabokosi a mitengo yabwino. Kuwonjezera apo pali mitondo yobooka, minsi yothyoka, magoli a ng'ombe, matabwa a ngolo, nsanamira za nkhokwe ndi mabwato owola mbali imodzi m'madooko a Shire. Zonsezi kwa munthu wamba ndi nkhuni chabe.

Akuluakulu adati tsobola wakale sawawa, potanthauza kuti chinthu chikakalamba mphamvu yake imatha. Mwambiwu ndi woona pa zinthu zambiri, koma osema zoimbira amaukana pa nkhani ya matabwa. Thabwa locheka kumene limakhala ndi madzi ambiri, ndipo pouma limafota, limapindika, mwinanso kung'aluka kumene. Choimbira chosemedwa ndi thabwa lotere chimalira bwino mwezi woyamba, koma ikadutsa nyengo imodzi ya chilimwe mawu ake amasokonekera. Thabwa limene lakhala pa nyumba zaka makumimakumi lidatsiriza kale kufota. Laona madzinja ambiri ndi zilimwe zambiri, ndipo lidakhazikika. Komabe ukalamba uli ndi matenda ake. M'kati mwa thabwa lakale mumabisala misomali yothyoka imene imabunthitsa sowo, ming'alu yosaoneka, ndi tinjira ta tizilombo tofumbwa mitengo. Choncho mmisiri amafunsa mafunso awiri pa thabwa lililonse: kodi uwu ndi mtengo wanji, nanga ukadali wamoyo m'kati?

M'mudzi wina cha ku Ligowe muli nkhalamba ina imene yakhala ikuyankha mafunso amenewa kwa zaka zambiri. Siidziwa mayina a Chilatini a mitengo, ndipo sikelo kapena galasi lokulitsa zinthu ilibe. Zida zake ndi kasemasema, tchizulo, sowo, mpeni ndi chopalira matabwa chimene chogwirira chake chidasalala ndi thukuta. Ana ake enieni adapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, ndipo amene adatsala pambali pake ndi mphwake, mwana wa mlongo wake, mnyamata wa Fomu 3. Mkuluyo amamuphunzitsa kuti thabwa lakale limafunsidwa ndi ziwalo zinayi za thupi, motsatana: dzanja, diso, mphuno ndi khutu. Mboni imodzi siikwanira pa mlandu wotere, pakuti iliyonse payokha ingathe kunamizidwa.

Dzanja ndilo limayamba, chifukwa kulemera kwa mtengo penti sangakubise. Akatswiri a zankhalango adayeza kuti chipika cha mlombwa wouma, cha mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu momwe, chimalemera makilogalamu pafupifupi 600. Cha m'bawa chimayandikira pomwepo kapena kutsikirapo pang'ono, cha msambamfumu chimafika cha m'ma 800, cha tsanya chimapitirira 1,000, ndipo cha phingo chimafika 1,200 kapena kuposerapo. Madzi odzaza malo ofanana ndi chipikacho amalemera makilogalamu 1,000. Mkulu uja ziwerengerozi sazidziwa, koma tanthauzo lake amalidziwa bwino lomwe. Akakayika, amadula kachidutswa kakang'ono nakaponya m'chidebe cha madzi. Ka mlombwa ndi ka m'bawa kamayandama. Ka msambamfumu kamayandama mbali yaikulu ili m'madzi. Ka phingo kamangoti chubwi, n'kukakhala pansi ngati mwala, ndipo ka mtima wa tsanya nakonso kamamira. Mitengo yobwera monga paini ndi malaina imapepuka kwambiri, ndipo chikhadabo chikakanikizidwa pa thabwa lake chimasiya chizindikiro.

Kachiwiri limabwera diso, koma silikhulupiriridwa thabwa lisanapalidwe. Mtanda umene wakhala padenga la khitchini zaka 30 umada bii ndi mwaye, ngakhale utakhala wa bulugama, ndipo wosadziwa angalumbire kuti wapeza phingo. Mkuluyo amapala kamalo kakang'ono ngati chikhatho cha mwana mpaka afike pa mnofu weniweni wa mtengo. Pamenepo mtundu uliwonse umadziulula. Mlombwa umaoneka wofiirira mokhala ngati uchi, ndi mizere yoderapo yoyenda mokhotakhota. M'bawa ndi wofiira motuwira ukangopalidwa, ndipo umanka nudera ukakhalitsa pa mpweya. Msambamfumu umapendekera ku mtundu wa njerwa yootcha. Thabwa la tsanya ndi lofiira modera, la timizere takuda, pamene mtima wa phingo ndi wakuda, wonyezimira ngati wapakidwa phula, wozunguliridwa ndi kamnofu kopyapyala koyera. Muwanga umasokoneza ambiri chifukwa nawonso ndi wolemera ndi woderapo, koma kuda kwake sikufika pa phingo, ndipo ulibe kufiira kwa tsanya.

Diso liyeneranso kupita kumutu kwa thabwa, kumene sowo adadula mopingasa. Mkuluyo amasenga pamenepo ndi mpeni wakuthwa, nanyowetsa ndi malovu, napenyetsetsa padzuwa. Timabowo timene tinkayendetsa madzi mtengo uli wamoyo timaoneka ngati madontho, ndipo kakhalidwe kake kamasiyana mtundu ndi mtundu. Ta msambamfumu ndi tokulirapo, tozunguliridwa ndi kabwalo kowala, ndipo tina timakhala todzaza ndi ufa wachikasu kapena woyera. Ta m'bawa timamwazikana mofanana ponseponse. Ta phingo ndi ta tsanya ndi tating'onoting'ono, tovuta kuona. Bulugama amagwidwa ndi ming'alu yoyambira pakati kunka kunja, ndi mitsempha yakuda ya utomoni. Chopalira nachonso chimalankhula. Ulusi wa m'bawa umalukana, wina kuloza uku wina uko, choncho chopalira chimayenda bwino pa mzere umodzi n'kukodwa pa mzere wotsatira, ndipo thabwalo likasalala limaonetsa mikwingwirima yowala ndi yodera mosinthana. Ngakhale zipsera za sowo zimathandiza. Mizere yowongoka koma yosalingana imasonyeza thabwa lochekedwa ndi anthu awiri padzenje, wina pamwamba wina pansi, pamene mizere yokhota ngati uta ndi ya makina.

Kachitatu ndi mphuno. N'zodabwitsa kuti fungo la mtengo limatha kukhala m'kati mwa thabwa zaka zambirimbiri, n'kudzuka pamene chopalira chadutsa. Mlombwa uli ndi kafungo kokoma, kofatsa. M'bawa ulibe fungo lenileni, ndipo apa ndi pamene umasiyanirana ndi senderela, mtengo wochokera ku Asia umene udabzalidwa kwambiri m'misewu ya ku Zomba ndi Blantyre. Thabwa la senderela ndi lofiira ngati la m'bawa, ndipo ogulitsa ena amasakaniza mayina awiriwa mwadala, koma ndi lopepukirapo, lofewerapo, ndiponso lonunkhira. Mfumu ya fungo ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi m'chaka cha 1984. Sumera ku Neno, ndipo suli m'gulu la mitengo yolimba, koma popeza chiswe chimauopa, udagwiritsidwa ntchito pomanga nyumba zambiri m'nthawi ya atsamunda, kotero kuti zidutswa zake zimapezeka apa ndi apo. Amene adaununkhiza kamodzi sauiwala. Mphuno imalephera pokhapokha thabwa litapakidwa oilo wakuda wa galimoto, monga amachitira ena poteteza mitanda ku chiswe. Thabwa lotere mkuluyo salifuna n'komwe, chifukwa oiloyo amalowerera m'kati.

Mboni yotsiriza, imenenso ili yaikulu pa zonse, ndi khutu. Mkuluyo amagwira thabwa ndi zala ziwiri zokha, pamalo otalikira kunsonga ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a utali wake, kapena kupitirirapo pang'ono, nalilendewetsa, naligogoda pakati ndi mfundo ya chala. Malo ogwirawo sadasankhidwe mwachisawawa. Thabwa likamanjenjemera, pamenepo ndi pamene pamakhala bata, choncho zala sizitsekereza kulira kwake. Ndi pomweponso pamene mipiringidzo ya ulimba imatsamira kapena kumangidwa ndi chingwe. Mlombwa wabwino umayankha ndi liwu lozama, lotalika, lonka lizilala pang'onopang'ono. Phingo ndi tsanya amalira mokweza ndi mouma, ngati chitsulo. Thabwa lofumbwa kapena long'aluka m'kati limangoti phu, ngati munthu wagogoda dzungu. Khutu limayankha mafunso onse awiri nthawi imodzi: limatsimikiza dzina la mtengo, ndipo limanena ngati ukadali ndi moyo.

Mphwake uja adaphunzira kufunika kwa mboni zinayizi mwa njira yowawa. Gulu lina la achinyamata lidasonkha ndalama kuti awasemere ulimba, ndipo popeza mkuluyo adali kudwala mwendo, adatuma mnyamatayo kukafuna matabwa. Pa msika wina adapeza munthu akugulitsa matabwa a kama wakale, ofiira psuu, onyezimira ndi vanishi. Wogulitsayo adalumbira kuti udali mlombwa weniweni, ndipo mnyamatayo adapereka ndalama zonse, nawamangirira panjinga mokondwa. Atafika kunyumba, mkuluyo adanyamula thabwa limodzi, nalitembenuza, nayang'ana kumutu kwake, osanena kanthu.

"Amalume, kodi simukukondwa? Taonani kufiira kwake!"

"Mphwanga, kodi udalipala?"

"Iyayi, amalume. Mwini wake adakana, adati ndingaliwononge."

"Nanga udalinunkhiza? Udaligogoda?"

Mnyamatayo adangoti zyoli. Mkuluyo adadutsitsa chopalira kawiri, ndipo pansi pa vanishi padatuluka mnofu wotuwa wa bulugama, wopakidwa utoto wofiira. Adaligogoda, ndipo lidalira mwachidule ngati chikuni.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," adatero mkuluyo. "Wogulitsa akakukaniza kupala, dziwa kuti wakuuza kale dzina la mtengo wake."

Ndalamazo zidali za eni ake, ndipo zidayenera kubwezedwa. Mnyamatayo adagwira ganyu woumba njerwa tchuthi chonse, ndipo ulimbawo udachedwa ndi miyezi ingapo. Kuyambira pamenepo sachoka pakhomo wopanda kampeni m'thumba.

Kudziwa dzina la mtengo ndi chiyambi chabe, chifukwa mtengo uliwonse uli ndi malo ake pa choimbira. Mlombwa, popeza sulemera kwambiri, sufota kwambiri ndiponso umalira motalika, ndiwo woyenera thabwa la bangwe, thupi la kalimba ndi mipiringidzo ya ulimba. Pochuna mpiringidzo, mmisiri amasema kunsi kwake, pakati, kuti liwu litsike, kapena kunsonga kuti likwere, ndipo akasema mopitirira sangabwezerenso chimene wachotsa. M'bawa umayenera khosi ndi thupi la gitala kapena banjo, chifukwa supindika msanga nsambo zikakokedwa. Phingo sapezeka m'matabwa aakulu, pakuti mtengo wake umakhala waung'ono, wokhotakhota, kawirikawiri wamphako. Koma chidutswa cha chibonga kapena cha ndodo yakale chimakwanira kusema zikhomo zokungira nsambo ndi kamtengo kamene nsambozo zimatsamirapo. Munsi wothyoka wa tsanya umagwira ntchito yomweyo. Mtondo wobooka kunsi, ngati m'mbali mwake mulibe mng'alu, uli kale theka la ng'oma. Kuika phingo pamalo pa mlombwa ndi kuwononga mitengo iwiri nthawi imodzi.

Zimene nkhalamba ya ku Ligowe imadziwa ndi manja ake, amisiri a maiko ena adazipezanso paokha. Ashona a ku Zimbabwe amasema thabwa la mbira yawo ndi mlombwa womwewu, umene iwo amautcha mubvamaropa chifukwa cha utomoni wake wonga magazi. Hugh Tracey, amene adajambula nyimbo zamakolo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, nakhazikitsa International Library of African Music ku South Africa m'chaka cha 1954, adasankhanso mtengo womwewu, umene kumeneko amautcha kiaat, popanga kalimba kogulitsa kunja. Phingo wochokera ku Tanzania ndi Mozambique ndi amene amapangira zitoliro zotchedwa clarinet ndi oboe, zoimbidwa m'mabwalo aakulu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mtengo wake umatenga zaka 70 mpaka 100 kuti ufike poti n'kudulidwa. Pofuna wolowa m'malo mwake, opanga zitoliro ena adayamba kugwiritsa ntchito tsanya, yemwe uja amathera m'matumba a makala pa Zalewa. M'bawa nawonso umadziwika kwa opanga magitala pa dziko lonse.

Kusowa kwa mitengoyi kudafika podetsa nkhawa maiko onse. Pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi ya kutha, lidaika mitengo ya mtundu wa phingo pa mndandanda wa zofunika chilolezo potumizidwa kunja, pa msonkhano wa ku Johannesburg m'chaka cha 2016. Pa msonkhano wa ku Panama m'chaka cha 2022 lidawonjezerapo mitengo ya mu Africa ya mtundu wa mlombwa, m'bawa ndi msambamfumu. Izi zikutanthauza kuti chitseko chakale chimene chikuwolera kuseri kwa nyumba m'mudzi wa ku Neno chingathe kukhala cha mtengo umene maiko amachita kuukhalira misonkhano.

Chifukwa cha ichi, luso lozindikira matabwa lili ndi mayesero ake. Wodziwa angathe kudyera masuku pamutu osadziwa. M'mwezi wa Malichi m'chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera, boma la Neno lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa. Mayi wina wamasiye wa m'mudzi woyandikana ndi wa mkulu uja nyumba yake idagwa, ndipo chimene chidatsala chathunthu chidali chitseko chokha, chimene malemu amuna ake adakhoma ali mnyamata. Nkhuni zitasowa ndi mvula, mayiyo adaganiza zochiwaza. Mkuluyo podutsa adaona zipsera za sowo wa padzenje, napempha kuti achione. Adasenga pang'ono ndi mpeni, nanunkhiza, nagogoda.

"Ngati mukuchifuna, bambo, tengani. Mungondipatsako mtolo umodzi wa nkhuni," adatero mayiyo.

"Iyayi, mayi, ndingakubereni. Uwu ndi mlombwa, ndipo milombwa ya msinkhu wotere kuno idatha. Mtolo wa nkhuni si mtengo wake."

Adagwirizana pamaso pa nyakwawa kuti mkuluyo awakhomere mayiwo chitseko chatsopano cha malaina pamodzi ndi mphuthu yake, awapatsenso nkhuni, ndipo iye atenge chakalecho. Kunsi kwa chitsekocho kudali kowola ndi chinyezi, ndipo mbali imodzi idali yodzaza misomali. Koma pa zotsalazo padatuluka thabwa la bangwe, mipiringidzo ingapo ya ulimba wa achinyamata aja, ndi kalimba kamene mkuluyo adapatsa mdzukulu wa mayiwo. Chikadapita pamoto, chitsekocho chikadaphika nsima ya masiku awiri.

Pali zinthu zambiri zonga chitseko chimenechi zimene zimapsa tsiku ndi tsiku chifukwa palibe wozizindikira. Amene amatha kuzizindikira akukalamba, ndipo achinyamata ambiri amaona ngati kugogoda matabwa akale ndi ntchito ya anthu osaphunzira. Koma woganiza bwino aona kuti zimene mkulu uja amachita ndi chidebe cha madzi ndi zomwezo zimene ophunzira amawerenga m'kalasi la sayansi pa za kulemera ndi kuyandama kwa zinthu, ndipo zimene amachita ndi zala zake ziwiri ndi phunziro la kanjenjemeredwe ka mawu. Nzeru ya m'buku ndi nzeru ya pabwalo la mmisiri zimafunana. Wophunzira amene angakhale pansi ndi nkhalamba yotere, nalemba mayina a mitengo, nasunga tizidutswa ta mtundu uliwonse m'kabokosi, angapulumutse chuma chimene chikadalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Paja safunsa adadya phula.

Komabe nkhalango ya m'mabwinja ili ndi chilema chimodzi: siibereka. Chitseko sichigwetsa njere, ndipo mtondo suphukira. Tsiku lidzafika pamene thabwa lotsiriza la mlombwa wakale lidzakhala litasemedwa kapena kupsa. Amene akufuna kuti zidzukulu zawo zidzamve kulira kwa bangwe ndi ulimba ayenera kubzala, makamaka m'nyengo yobzala mitengo, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo. M'bawa umamera mosavuta ku nazale ndipo umakula bwino m'mphepete mwa mitsinje. Mlombwa umafuna kudekha, pakuti kamtengo kake kamauma kumtunda chilimwe chilichonse kwa zaka zingapo, pamene muzu ukukula pansi, ndipo ambiri amakazula kapena kukatentha poyesa kuti kadafa. Mphwake wa mkulu uja adazinga timilombwa titatu ndi minga m'malire a munda wa amayi ake, ndipo chaka chilichonse amalambula udzu kuzungulira kuti moto wolusa usafike. Akudziwa kuti iye mwini sadzaicheka. Pakali pano akupitiriza kuyenda ndi kampeni kake m'thumba, kupala, kununkhiza ndi kugogoda, kufikira manja ake atadziwa zimene manja a amalume ake amadziwa.